Kuchoka pa Windows ndi JAWS kupita ku Linux ndi Orca: yankho kwa Aphunzitsi a ku Angonia

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi ena osaona a m'boma la Angonia, amene amaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Ulongwe, ndipo anandilola kuwayankha pagulu popanda kutchula dzina lawo, popeza funso lawo likuvutitsa anthu ambiri. Mwachidule nkhani yawo ndi iyi. Ali ndi laputopu yakale ya Windows 10 imene ikukana kulandira Windows 11. Amagwiritsa ntchito JAWS, pulogalamu yowerenga sikirini mokweza kwa osaona, koma yawo ndi yoyeserera, ija imasiya kulankhula pakatha mphindi 40 mpaka munthu atazimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso. Mwana wa mlongo wawo, amene akuphunzira za makompyuta mumzinda wa Tete, wawalangiza kuti afufute zonse ndi kuikamo Linux, yomwe ndi yaulere ndipo ili ndi pulogalamu yake yowerenga sikirini yotchedwa Orca. Akufunsa ngati n'kwanzeru kuchita zimenezi pa tchuthi chikubwerachi.

Aphunzitsi, yankho langa ndi lakuti musafufute kanthu pa tchuthi chimenechi. Mnyamatayo sanakunamizeni pa chilichonse, koma malangizo akewo aphatikiza ntchito zitatu ngati kuti ndi imodzi: kusintha pulogalamu yowerenga sikirini, kusintha mapulogalamu amene mumagwirira ntchito, ndi kusintha sisitimu yonse ya kompyuta. Munthu woona akhoza kuzichita zonse Loweruka limodzi, chifukwa chinthu chikasokonekera amayang'ana pa sikirini ndi kuona pamene pavuta. Kwa ife osaona, kompyuta ikangokhala chete sitidziwa ngati yafa, ngati ikudikira yankho, kapena ngati mawu okha ndi amene atsekeka, ndipo chifukwa cha ichi ntchito zitatuzi tiyenera kuzichita imodziimodzi, titasunga njira yobwerera nthawi zonse.

Nkhawa yanu ya Windows 10 ndi yomveka. Kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza sisitimu imeneyi pa 14 Okutobala 2025, kutanthauza kuti mipata yatsopano imene akuba a pa intaneti angapeze sidzatsekedwanso mwa nthawi zonse, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yowonjezera ya chitetezo, imene kwa anthu wamba inaikidwa kuti ithe pa 13 Okutobala 2026. Windows 11 imafuna, mwa zina, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, purosesa ya m'gulu lovomerezeka, memori ya magigabaiti 4 ndi malo a magigabaiti 64, ndipo malaputopu ambiri akale amene timagula kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito amagwera pa purosesa ndi TPM. Komabe kutha kwa thandizo sikuzimitsa kompyuta yanu. Ikuyakabe ndipo idzayakanso mawa, kotero muli ndi nthawi yokonzekera mosapupuluma.

Choyamba chimene ndikukupemphani kuti muchite, ngakhale lero lino, ndi kuika NVDA, pulogalamu ina yowerenga sikirini, pa Windows yomwe muli nayoyo. Pulogalamu imeneyi inayambidwa mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, amene pambuyo pake anagwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona, ndipo bungwe lawo la NV Access limaipereka kwaulere, popanda malire a mphindi 40. Sindikumvetsa chifukwa chake anthu ambiri kuno kwathu amapirirabe kuzimitsa kompyuta pakati pa ntchito, kapena kufunafuna JAWS yobedwa imene nthawi zambiri imabwera ndi mavairasi, pamene chida chokwanira bwino chilipo poyera. Zala zanu sizidzavutika kwambiri, chifukwa Insert ndi T imawerenga mutu wa windo, Insert ndi F12 imanena nthawi, Insert ndi muvi wopita pansi imawerenga zonse, ndipo pa intaneti H imadumphira ku mutu wotsatira monga mmene munazolowerera pa JAWS. Mukafuna kudziwa ntchito ya batani lililonse, dinani Insert ndi 1 ya pamwamba, kenako batani lililonse limene mungakhudze lidzangodzifotokoza popanda kuchita kanthu. NVDA imakulolaninso kupanga kope loyenda nalo pa fulashi, limene mukhoza kulowetsa pa kompyuta ya mu ofesi ya sukulu ndi kuilankhulitsa popanda kuikamo kalikonse.

Mukakhazikika pa NVDA, chachiwiri ndi kusintha mapulogalamu mukadali pa Windows. Firefox ya intaneti, Thunderbird ya maimelo ndi LibreOffice yolembera makalata ndi matebulo zimapezeka pa masisitimu onse awiri, ndipo ndizo zimene mudzakhale nazo tsiku ndi tsiku ngati mudzasamukire ku Linux, kumene Word ndi Excel za pa kompyuta kulibe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa mphunzitsi. Tengani pauta yeniyeni imene ofesi ya sukulu imakupatsani kuti mulembemo malikisi a ophunzira, muitsegule mu LibreOffice Calc, mulembemo manambala, muisunge mu mtundu wa Excel, ndipo mupemphe mnzanu woona kuti aitsegule pa kompyuta yake ndi kukuuzani ngati mizere, mitu ndi masamu ake zili monga zinalili. Mapauta ambiri amakhala ndi timabokosi tophatikizidwa ndi masamu obisika, ndipo zinthu zotere ndi zimene zimasokonekera fayilo ikamayenda pakati pa mapulogalamu awiriwa. Ngati pauta ikubwerera yopotoka, funso la Linux layankhidwa kale pa nthawi ino, chifukwa palibe mkulu wa sukulu amene adzalandire pauta yolakwika pa chifukwa chakuti mphunzitsi wasintha sisitimu.

Tsopano za Orca yeniyeniyo. Ndi pulogalamu yabwino, yaulere, imene inayambira ku kampani ya Sun Microsystems ndipo lero ili m'banja la GNOME. Pa masisitimu ambiri a Linux imayatsidwa ndi mabatani atatu, Alt, S ndi batani lija la chizindikiro cha Windows, limene kumeneko amalitcha Super. Pa intaneti imafanana kwambiri ndi zimene mukudziwa, pakuti H imapita ku mutu ndipo K imapita ku linki monga pa NVDA. Vuto limabwera pa mabatani amene ndi omwewo koma ntchito yake ndi ina. Insert ndi T pa Orca imanena nthawi osati mutu wa windo. Insert ndi batani lalitali lodumphitsa mawu, limene pa NVDA limasintha pakati pa kuwerenga tsamba ndi kulemba mu fomu, pa Orca limatsegula windo la zokonda zanu, ndipo kusintha kuja kumachitika ndi Insert ndi A. Mndandanda wa malinki, umene mumaupeza ndi Insert ndi F7, pa Orca umabwera ndi Alt, Shift ndi K. Zili ngati kuphika m'khitchini ya mwini, mmene mchere uli m'chitini chimene kwanu mumasungiramo shuga: zonse zilipo, koma dzanja limapita lokha pamalo olakwika kwa masabata angapo. Popeza laputopu yanu mwina ilibe mabatani a manambala a kumanja, muyenera kusankha kaikidwe ka laputopu, pamene Caps Lock imalowa m'malo mwa Insert, ndipo mukaigwira, U, I ndi O zimawerenga mizere pamene J, K ndi L zimawerenga mawu. Kumbukiraninso batani la Orca (Insert kapena Caps Lock) ndi H, limene limatsegula njira yophunzirira mabatani.

Nkhani ya mawu olankhula ndi imene anthu ambiri amaiiwala mpaka tsiku losamuka, pamene kwa ife ndiwo amene timakhala nawo m'makutu maola onse a ntchito. Linux nthawi zambiri imayamba kulankhula ndi eSpeak NG, imene ndi yopepuka ndi yofulumira koma imamveka ngati makina, ndipo munthu wozolowera mawu osalala a JAWS amatopa nayo msanga. Ili ndi Chipwitikizi cha ku Portugal ndi cha ku Brazil, ndipo ngati mukufuna mawu ofanana ndi a munthu, pali RHVoice imene ili ndi mawu a Chipwitikizi cha ku Brazil otchedwa Letícia, ogwira ntchito pa Linux, pa NVDA ndi pa foni za Android. Kwa inu amene mumalemba zikalata za sukulu m'Chipwitikizi koma mumawerenganso mauthenga a kumudzi ndi a kutchalitchi m'Chichewa, pali chinthu china chothandiza. Mawu a Chipwitikizi amawononga Chichewa, chifukwa zilembo za ch amazitchula ngati sh ndipo mathero a mawu amawameza. Ine ndimawerengetsa Chichewa ndi mawu a Chiswahili a mu eSpeak NG, popeza mavawelo asanu a zilankhulo ziwirizi ndi ofanana ndipo kutsindika kumagwera pa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto. Popeza NVDA nayonso imabwera ndi eSpeak NG, mukhoza kuzoloweretsa makutu anu mawu amenewa musanachoke pa Windows.

Palinso zikalata zojambulidwa, zija zimabwera pa WhatsApp kapena pa imelo ngati PDF koma mkati mwake muli chithunzi chabe cha pepala. Pa Windows 10, Insert ndi R pa NVDA imazindikira malemba a pa chithunzi, malinga ngati chilankhulo cha Chipwitikizi chinaikidwa mu sisitimu. Pa Linux ntchito imeneyi imatheka ndi Tesseract, koma muyenera kuiika nokha pamodzi ndi chilankhulo chake, ndipo si ya batani limodzi. Ngati zikalata zotere zimakufikani kawirikawiri, muliwerengere kusiyana kumeneku.

Chachitatu, chimene chiyenera kubwera pamapeto, ndi kuyesa Linux popanda kuiika. Masisitimu monga Ubuntu MATE amatha kuyaka kuchokera pa fulashi osakhudza zimene zili mu kompyuta, ndipo ndikutchula MATE chifukwa ndi yopepuka pa makina akale ndipo osaona ambiri amaikonda poti mamenyu ake amayendeka bwino ndi kiyibodi. Fayilo yake ndi ya magigabaiti angapo, choncho musawonongere mamega anu a Movitel kapena a Vodacom. Mpempheni mnyamatayo aikopere ku Tete ndi kubwera nayo pa fulashi. Muyenera kudziwa kuti sikirini yoyamba, pamene mumauza kompyuta kuti iyake kuchokera pa fulashi, siilankhula pa sisitimu iliyonse, kotero pamenepo pamafunika maso a munthu wina, kaya ali pafupi kaya mwamuimbira foni ya vidiyo ndi kulozetsa kamera pa sikirini. Ikayaka, yatsani Orca ndipo muyese mawu, Wi-Fi, mahedifoni, purinta ya ku sukulu ndi pauta ija. Chitani zimenezi madzulo angapo, ndipo mukatopa chotsani fulashi, Windows yanu mudzaipeza mmene munaisiyira.

Ngati zonse zayenda bwino ndipo mwatsimikiza mtima, langizo langa ndi lakuti musafufute diski yakale ngakhale pamenepo. Malaputopu ambiri akale amalola kuchotsa diski, choncho gulani diski yaing'ono ya mtundu wa SSD, muikemo Linux, ndipo diski ya Windows muisunge m'kabati ili ndi zonse. Njira yoika masisitimu awiri pa diski imodzi ilipo, koma menyu yosankhira pakati pawo siilankhula, ndipo kulakwitsa kumodzi pogawa diski kukhoza kutaya ntchito ya zaka zambiri. Debian ili ndi njira yoika sisitimu molankhula, imene imayamba mukadina S pa menyu yoyamba, ndipo imathandiza amene akufuna kuchita ntchito yonse okha. Tsiku loikalo batire likhale lodzaza, mayunitsi a magetsi a Credelec akhale okwanira, ndipo mafayilo anu onse akhale atakoperedwa kale pa fulashi ina.

Za Mac simunafunse, koma ndikudziwa kuti wina adzakuuzani. VoiceOver, pulogalamu yake yowerenga sikirini, imene inabwera mu 2005, ndi yabwino ndipo imayaka ndi Command ndi F5 kompyuta ikangotuluka m'bokosi, koma mtengo wa makinawo ndi kusowa kwa owakonza m'chigawo chathu zimandichititsa kuisiya pambali.

Chomaliza chimene muyenera kuchiyeza ndi anthu amene angakuthandizeni. Mnyamatayo amadziwa Linux ndi maso, koma mumufunse ngati anayendetsapo kompyuta ndi Orca sikirini itazimitsidwa, ndipo mukumbukire kuti tchuthi chikatha adzabwerera ku Tete, inu n'kutsala ku Ulongwe. Okonza makompyuta a m'misika yathu, kaya ku Ulongwe kaya kutsidya kwa malire ku Dedza, ambiri amadziwa Windows yokha, ndipo mukawapatsa laputopu ya Linux yosalankhula, chimene adzachite mwachangu ndi kuifufuta ndi kubwezeramo Windows. Osaona ambiri amene mungakumane nawo kudzera ku ACAMO, bungwe la osaona la dziko lathu la Mozambique, mudzawapeza ali pa NVDA kapena JAWS, ndipo funso la batani la NVDA lidzayankhidwa msanga kuposa la Orca. Pa chifukwa chimenechi, tchuthi chino chikhale cha NVDA ndi LibreOffice. Fulashi ya Linux muiyese m'kati mwa temu, madzulo opanda ntchito yofulumira, ndipo nkhani ya SSD tidzaikambirane mukadzandilembera kuti pauta yabwerera bwanji kuchokera kwa mnzanu uja.