Asisi, mwanayo mungokwera naye minibasi

Asisi amene mwafunsa za mwana wanu wa Sitandade 4 uja, kuti wabwera ndi homuweki ya mawu a Chingerezi a madera a mumzinda, ma residential area, industrial area, suburb, outskirts ndi ena otero, nde akuloweza usiku koma kukacha mutu mwayera, ndiyankhe motalikirapo mundipirire chifukwa zimenezi ndadutsamo ndi wanga komanso ndi tiana timene ndimaphunzitsa patitaimu pakhonde pano.

Vuto si mwanayo ayi. Mawu amenewo alibe pogwira m'mutu mwake, akungoyandama ngati nyimbo ya chilankhulo chachilendo. Mwanena kuti muli ku Lilongwe konkuno eti? Nde buku lanu ndi minibasi basi. Ine ndimakhala ku Area 25, wanga ndinamutenga Loweruka lina popita kutauni, ndinachita kumupemphera mpando wa pawindo kwa bambo ena ake, tinadzera njira ya ku Kanengo ija. Titafika pa Kanengo inali sizoni ya fodya, fungo lake mukulidziwa, mathiraki ali ndandanda ndi mabelo kudikira kulowa ku okushoni, nkhokwe zazitali za chimanga zija zikuoneka poteropo, ndinangomufunsa kuti iwe kuno ukuonako nyumba zogona anthu? Akuti ayi, kuli mafakitale ndi magalimoto akuluakulu okhaokha. Ndati eya, kumeneko nde ku industrial area. Basi mpaka lero sanayiwale, moti akamva fungo la fodya olo kwa agogo ake kumudzi amati kukununkha industrial area kkkk.

Residential ndi yosavuta, ndi kumene inuyo mukukhala, kumene anthu amagona, kuyanika zovala, ana kusewera mpira mumsewu. Commercial ndi kwa mashopu ndi misika, Area 2 yonse ija, Malangalanga, Bwalo la Njobvu, kumene aliyense ali ndi choti akugulitse. Mawu atatu amenewa okha ndi okwanira sabata yonse, musamuunjikire khumi nthawi imodzi ngati mukupakira matumba pa kabaza.

Pamene pamavuta ndi pa mawu amene buku likunena zina, mzinda wathu ukunena zina. Tengani city centre. M'mabuku ambiri city centre ndi pakati pa mzinda pamene pali phokoso, mashopu, chipwirikiti, kumene ife timati kutauni. Koma ku Lilongwe mukauza kondakitala kuti City Centre akakusiyani kwa maofesi ndi mabanki, kufupi ndi Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo, kumene Lamlungu kumakhala zii ngati kumanda. Chifukwa chake nchakuti boma litasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, anamanga pakati patsopano chakumpoto, tauni yakale ija nkutsala ndi dzina loti Old Town. Nde mzinda wathu uli ndi mitima iwiri, ndipo mwana ukapanda kumuuza amasokonezeka, wanga anandikanira kuti aphunzitsi anama chifukwa ku City Centre kulibe msika ngati wa pachithunzi. Ndinachita kumufotokozera kuti liwu ndi limodzi koma kwathu kuno linasanduka dzina la malo. A ku Blantyre nawonso ali ndi zawo, Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana anawaphatikiza mu 1956, nde mwana wa ku Bangwe akamati kutauni mwina akunena Limbe pomwe wa ku Chilomoni akunena Victoria Avenue.

Downtown nayo mumuuze kuti ndi kayankhulidwe ka ku America ka kutauni komweko, si kumunsi kapena kutsetsereko ayi, ana amamva down uja nde amaganiza kuti ndi kumtsinje. Ndipo pomwepa ndikuchenjezeni za mapepala amene timadawunilodi pa intaneti aja. Ambiri ndi a ku America, mupezamo subway, sidewalk, gas station, apartment, ndi zoti walk two blocks. Mwana wa ku Chinsapo block aidziwira kuti? Ife polondolera munthu timati mukafika pachigayo mukhotere kumanja, mudutse kamlatho, muona geti yakuda pali mtengo wa mango. Komanso Chingerezi cha kusukulu kwathu chimatsata cha ku Britain, nde amene adzakumane nawo ndi pavement, filling station, flat, roundabout, zebra crossing. Ine mapepala amenewo sindiwataya ayi, zithunzi zake zimakhala zabwino, koma ndimafufuta mawuwo ndi bolopeni nkulemba athu.

China chimene anthu sitiona nchoti mwanayu theka la mawuwa akuwadziwa kale, kungoti anavala zovala za Chichewa. Tauni, depoti, siteji, raundabauti, maloboti, lokeshoni, kumayadi, zonsezi zinachokera ku Chingerezi. Nde yambirani pamenepo, mumufunse kuti depoti pa Chingerezi ndi chani, aganize, kenako mumuonetse kalembedwe kake depot ndi kumuuza kuti t wakumapetoyo satchulidwa. Amasangalala kwabasi akazindikira kuti amayankhula Chingerezi osadziwa. Kungoti ena anasintha tanthauzo panjira. Maloboti ndi ife ndi anzathu a ku South Africa, Zambia ndi Zimbabwe, m'buku ndi traffic lights, akakalemba robots aphunzitsi ena amuthetha. Siteji m'buku ndi bus stop. Location pa Chingerezi cha m'buku ndi malo alionse, pamene ife lokeshoni tikunena Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde.

Suburb nde inandizunguza mutu ine ndemwe. Tanthauzo lake ndi dera logona anthu lomwe lili kunja kwa pakati pa mzinda, nde kunena zoona 25 ndi suburb, 18 ndi suburb, 49 chimodzimodzi. Koma chithunzi cha m'buku chimakhala cha nyumba ya kapinga kutsogolo ndi galimoto pageti, nde ana amangoti ooh ndi kumayadi, Area 10, 12, 43. Ine ndimawasiya ayambire pomwepo kenako ndimawonjezera pang'onopang'ono kuti nanga kwathu kuno pali patali bwanji ndi kutauni, anthu amadzuka m'mawa kupita kuntchito madzulo kubwerako, imeneyonso ndi suburb. Akafika Sitandade 6 kapena 7 mutha kumuuzanso low density ndi high density, kumene mapuloti ndi aakulu anthu ochepa, ndi kumene nyumba zathithikana. Outskirts ndi kumathero, kumene nyumba zayamba kutalikirana minda yayamba kuoneka, monga mukamapita ku eyapoti cha ku Lumbadzi kapena njira ya ku Dedza mukadutsa 6 Miles. Liwu limeneli limayenda ndi s nthawi zonse, kulibe outskirt imodzi.

Koma pali liwu limodzi limene ndikupemphani musamale nalo, slum. Tsiku lina pa patitaimu ndinaonetsa chithunzi cha m'pepala lina lake, tinyumba tamalata akale tothinana madzi akuda akuyenda pakati, kamnyamata kena nkuloza mnzake kuti madamu kwawo kwa uyu ku Mtandire! Onse gwa kuseka. Kamtsikanako sikanalire, kanangotseka kope nkuika pensulo pakati, mpaka kuweruka osayankhulanso, mawa lake sikanabwere. Ndinachita kukakapepesa kwawo, ndipo ndinapeza pakhomo posesedwa bwino kuposa panga, maluwa m'zigubu. Kulakwa kunali kwanga, ndinapereka liwu osaganiza kuti ligwera ndani. Pano ndimaphunzitsa informal settlement kapena unplanned area, ndi kufotokoza kuti ndi kumene anthu anamanga okha boma lisanadule mapuloti ndi misewu, ndipo kuti nchifukwa chake Mtandire ili khoma ndi khoma ndi 47, Kauma pafupi ndi 12, Mgona pafupi ndi Kanengo, anthu amafuna kukhala pamene angayende wapansi kupita kuntchito. Slum ayidziwe ndithu poti adzaipeza powerenga, koma adziwenso kuti si liwu lotchulira kwawo kwa munthu.

Za matchulidwe musalimbane nazo kwambiri, akati lezidensho musiyeni, r ndi l zimatipinga tonse. Limbikirani timawu tating'onoting'ono tija, in, at, on, to, chifukwa ife tili ndi ku, pa, mu ndipo sizigwirizana ndendende. Musamuphunzitse liwu lokha, mupatseni kachiganizo kathunthu, I live in Area 25, my uncle works in Kanengo, we are going to town, she is at the depot, they live on the outskirts. Azinena za anthu enieni apakhomo panu, amalume ake, aneba, osati za John ndi Mary wa m'buku. Zidzamuthandiza poti akalowa Sitandade 5 pafupifupi zonse zikhala mu Chingerezi.

Ngati ya thiransipoti yavuta, poti masiku ano kupita kutauni awiri si masewera, jambulani mzinda pabwalo ndi kamtengo. Ife timaika mabokosi a machesi kukhala nyumba, zitini za tomato mafakitale, zitsekerero za mabotolo msika, timapepala tolemba mawuwo nkutsindira ndi miyala kuopa mphepo. Mmodzi amakhala dalaivala ndi galimoto yake ya mawaya, wina kondakitala akukuwa industrial area otsika alipo? Wokwera anene chomwe akukatsikira pamenepo mu Chingerezi, akalephera salipidwa chenji. Dzulo lomweli wanga wanditsitsa pa outskirts, kuseri kwa bafa, akuti poti ndalama yanga inali yosakwana.