Mphatso za matabwa zikutha ndalama za ndiwo: kodi ndiyambe kulipiritsa anzanga?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Dedza, cha ku Bembeke. Ukalipentala ndinaphunzira kwa amalume ndili mnyamata, ndipo mpaka lero Loweruka likakwana ndimakhala kuseri kwa nyumba ndi sowo, kungosangalatsa mtima. Ndinayamba ndi kampando ka mwana wa mnzanga. Kenaka shelefu ya mabuku ya ahedi athu atapuma pantchito, mafelemu a zithunzi, bawo, timabokosi tosungiramo ndolo ndi mikanda. Zonsezi ndinkangopereka. Tsopano aliyense kuntchito akuti "inenso mundipangire", wina wafika pofuna tebulo la pabalaza, koma palibe amene akutchula za ndalama. Mayi akunyumba akuti matabwa akutha ndalama za ndiwo. Kodi ndiyambe kulipiritsa? Ndikuopa kuti anzanga anena kuti ndasintha. Ndikuganizanso zokongola ku banki mkhonde kuti ndigule makina amagetsi. Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, pa nkhaniyi ine ndaima kumbali ya mayi. Koma sindikuuzani kuti musiye kupatsa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo munthu wodziwa kupanga chinthu ndi manja ake ali ndi mphatso yoposa ya m'golosale. Vuto lanu ndi loti zinthu ziwiri zasakanikirana. Pali chimene inu mwaganiza nokha kupereka: mwasankha munthu wake, kukula kwake ndi tsiku lake. Imeneyo ndiyo mphatso. Pali chimene munthu wabwera kudzakuuzani, kuti akufuna tebulo lotalika chakuti, la miyendo yakuti, lifike Khirisimasi isanakwane. Imeneyo ndi oda, ndipo oda amalipira, kaya woitanitsayo ndi mnzanu wapamtima, kaya ndi mlamu wanu.

Za mphatso n'zosavuta. Khalani pansi ndi mayi, mugwirizane ndalama imene banja lingathe kutaya pa mphatso teremu iliyonse osaimva kuwawa. Ikatha, yatha, ngakhale kubadwe ana atatu mwezi womwewo. Mphatso zikhale zazing'ono: felemu, kabokosi, thabwa lodulirapo ndiwo, choikapo foni. Mipando ikuluikulu ndi matebulo zichoke pa mndandanda wa zaulere kuyambira lero.

Ndikukayika ngati mukudziwa kuti kampando kamodzi kamakudyerani zingati. Anthu ambiri opanga zinthu mongosangalala amawerengera thabwa lokha, chifukwa ndilo amaligula tsiku lomwelo. Guluu, misomali, vanishi ndi sandipepa amaziona ngati "zilipo kale m'nyumba". Zilipo chifukwa munazigula. Tiyerekeze, ndipo mitengoyi ndi yongofanizira, inu muikepo yeniyeni ya kumene mumagula: matabwa K9,000, gawo la guluu, misomali, sandipepa ndi vanishi limene lapita pa kampandoko K5,000, kabaza wonyamula matabwa K2,000, kunoletsa sowo ndi kutha kwa zida K1,000. Yakwana K17,000 musanawerengere thukuta lanu. Mukapereka zinthu zotere khumi pachaka, mwatulutsa K170,000 m'thumba la banja. Mayi sanalembe masamu amenewa, koma amawaona pa mbale. Gulani kope la zimenezi zokha, chinthu chilichonse chikhale ndi tsamba lake: zimene zalowa, maola amene mwagwira, ndi amene mwamupatsa kapena kumugulitsa.

Potchula mtengo, musawerengere ndalama imene munagulira vanishi miyezi isanu yapitayo. Werengerani imene mukagulire chitini china mawa. Zinthu zambiri za m'hadiweya, monga vanishi, mahinjesi, maloko ndi masikuluwu, zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo zochokera kunja, ndiye kwacha ikagwa zimakwera nthawi yomweyo. Tonse tikukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mmisiri amene anali atatchula mtengo mwezi wa Okutobala, ntchito n'kudzaigwira Disembala, anagwira yaulere. Choncho mtengo umene mwatchula ukhale ndi malire a masiku, mwina sabata ziwiri. Zikadutsa, muwerengerenso.

Tibwere pa chimene chikukuopsani, kulankhula ndi anzanu. Mfundo yake ndi nthawi. Mtengo utchulidwe sowo isanakhudze thabwa. Mukapanga kaye tebulo, n'kulipereka, kenaka n'kuyamba kuzungulira ndi mawu oti "paja pamafunika kangachepe", mwadzipezera mdani, chifukwa mnzanuyo analilandira ngati mphatso ndipo tsopano akuona ngati mwamutchera msampha. Koma akangoti "inenso mundipangire", yankhani mosangalala, pomwepo: "Achimwene, ndipanga ndithu. Ndikawerengere madzulo ano, mawa ndikuuzani kuti zipangizo zikwana zingati ndipo ntchito yanga ndi zingati." Mawa lake mumuonetse pakapepala, zipangizo padera, ntchito padera. Anthu amakangana ndi nambala imodzi yaikulu, koma akaona mtengo wa thabwa lililonse amakhala chete, popeza hadiweya amaidziwa okha.

Kenaka alipire ndalama yonse ya zipangizo, kapena theka la mtengo wonse, musanapite kukagula matabwa. Atumize pa Mpamba kapena Airtel Money kuti uthenga ukhale umboni wa nonse awiri. Yotsalayo apereke tsiku lotenga katundu, katunduyo asanatuluke pakhomo panu. Muli ndi mwayi umene akalipentala a pamsika alibe: makasitomala anu mumalandira nawo malipiro nthawi imodzi. Mukudziwa sabata imene m'matumba muli kanthu ndi sabata imene aliyense akungoyasamula. Landirani maoda sabata ya malipiro, ndipo konzani kuti ntchito ithe pofika malipiro otsatira. Mawu oti "ndidzakuonani pakutha pa mwezi" ochokera kwa munthu amene wanyamula kale tebulo ndi amene amadanitsa anthu ogwira ntchito pamodzi.

Mukafuna kumuchitira chifundo mnzanu, chotsani pa ndalama ya ntchito yanu, ndipo mumuuze kuti mwachotsa: "Ena ndikadawauza mwakuti, inu mupereke mwakuti." Pa zipangizo musachotsepo ngakhale tambala. Kodi ena adzadandaula? Inde, mmodzi kapena awiri. Adzati aphunzitsi ayamba kukonda ndalama. Musawayankhe. Ambiri mwa amene akukupemphaniwo sakufuna kukudyerani masuku pamutu. Akungotsatira zimene munawazoloweretsa, ndipo ena akhala akuchita manyazi kukufunsani mtengo poopa kukunyozani.

Chimene chandikopa kwambiri m'kalata yanu ndi shelefu ya ahedi ija. Pamalo antchito paliponse, munthu akamapuma, akasamutsidwa kapena akamakwatira, anzake amasonkha. Ndalamazo nthawi zambiri zimakagula mapoto, bulangeti kapena wotchi ya pakhoma pa Dedza boma kapena ku Lilongwe. Pa shelefu ija, inu munasenza nokha mphatso imene ikadayenera kukhala ya gulu lonse. Ulendo wina, sonkhani gawo lanu ngati wina aliyense, kenaka muuze akomiti kuti ndi ndalama imene yasonkhedwayo mukhoza kupanga chakuti ndi chakuti, cholembedwa dzina la wolandira ndi zaka zimene wagwira ntchito. Iwo apeza mphatso imene palibe sitolo ingawagulitse, inu mwapeza kasitomala wolipira ndalama yonse pamodzi, ndipo palibe amene wakhumudwa chifukwa ndalamayo sinachoke m'thumba la munthu mmodzi. Msika umenewu ndi waukulu kuposa mmene mukuganizira: sukulu zoyandikana nanu, zipatala zing'onozing'ono, makwaya, magulu a amayi a kumpingo, makomiti a maukwati ndi zinkhoswe. Onsewa amagula mphatso chaka chonse. Pansi pa chinthu chilichonse lembani dzina lanu ndi nambala ya foni ndi waya wotentha, ndipo chijambuleni chisanachoke, zithunzizo muziika pa WhatsApp.

Pano ndikuchenjezeni pang'ono. Mphatso ya kwa abwana amene ali pantchito, makamaka nthawi imene mukuyembekezera kukwezedwa kapena kusamutsidwa, imasintha maonekedwe ngakhale mtima wanu uli woyera. Dziko lino lili ndi lamulo lolimbana ndi ziphuphu la 1995, ndipo limakhudza ogwira ntchito m'boma, opereka ndi olandira omwe. Za abwana zidzere m'gulu, poyera. Musagwiritsenso ntchito zida za sukulu, nthawi ya kalasi kapena ana a sukulu pa maoda anu.

Za matabwa, muli pamalo abwino. Dedza ndi kwawo kwa paini, wa m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni, ndipo anthu a m'maboma ena amalipira thiransipoti yambiri kuti apeze matabwa amene inu mumanyamula pa kabaza. Pa mphatso zing'onozing'ono simufunikanso thabwa lathunthu. Pitani kwa ocheka ndi kwa akalipentala akuluakulu mukagule zidutswa, zimene ambiri amangozigulitsa ngati nkhuni. Felemu, kabokosi ndi choikapo foni zimatuluka m'zidutswa zimenezi. Koma samalani ndi matabwa aawisi. Paini wongochekedwa kumene amaoneka bwino tsiku logula, koma akamauma amapindika, molumikizira mumatseguka, ndipo utomoni umatuluka pansi pa vanishi. Mukampatsa munthu chaulere chikapindika amangoseka, akalipira, akubwezerani. Gulani matabwa msanga, muwasanje pamthunzi podutsa mphepo, muike timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, osawagoneka padothi pamene chiswe chingawapeze. Ndipo kwanuko, Juni ndi Julaye, kukazizira ndi nkhungu ija, vanishi sauma msanga ndipo nthawi zina amayera ngati mkaka. Pakani masana kukatentha, ndipo miyezi imeneyi musalonjeze munthu tsiku lapafupi. Zokhudza chakudya, monga thabwa lodulirapo ndiwo, mthiko ndi chipande, musazipake vanishi ndipo musazipange ndi matabwa othiridwa mankhwala a chiswe. Phula la njuchi limakwanira.

Posachedwa wina adzakuuzani kuti akufuna tebulo la mlombwa kapena mbawa, ndipo adzakulozerani munthu amene amabweretsa matabwa otere usiku pamtengo wotsika. Kanani. Mitengo yachilengedwe imatetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo munthu wopezeka ndi matabwa opanda zikalata amalandidwa katundu n'kukaonekera kukhoti. Kwa munthu wa pantchito ya boma, phindu la tebulo limodzi silingafanane ndi zimene angataye. Gulani kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango, risiti muisunge m'kope lija. Apo ayi, pali malaina, bulugamu ndi sindireya, zimene zikauma bwino n'kupalidwa mosamala zimakongola mokwanira.

Tsiku lina mukapeza mpata, tsikirani ku Mua mukaone ntchito za amisiri osema a ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Inu si wosema, koma kayang'anitsitseni mmene amamalizira chinthu: kusalala kwake, m'makona, ngakhale kumbuyo kumene munthu sayang'ana msanga. Pa zinthu za mphatso, wogula amalipira kumalizako. Ola limodzi lowonjezera ndi sandipepa limakweza mtengo kuposa thabwa lowonjezera.

Tsono za ngongole ya makina, yankho langa ndi ayi, pakadali pano. Ngongole ya banki mkhonde chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi ndipo imabwezedwa pa miyezi yochepa. Imayenera munthu wa geni yoyenda tsiku ndi tsiku, ngati mayi wooda mbatata ya kachewere ku Lizulu amene ndalama yake imabwerera sabata yomweyo. Inu mumagwira ntchitoyi Loweruka lokha, masiku anayi kapena asanu pamwezi, ndipo magetsi akazima Loweruka limenelo makinawo agona mpaka sabata yamawa pamene chiwongoladzanja chikuyenda. Komanso mpaka lero palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene wakulipiranipo, ndiye simukudziwa kuti mwa onse akuti "mundipangire" atsala angati mtengo ukatchulidwa. Ngongoleyo idzabwezedwa ndi malipiro anu a uphunzitsi, ndipo mlandu wa ndiwo udzakula.

Ntchito yolemetsa, yopala ndi kung'amba matabwa, pitani nayo kwa amene ali kale ndi makina pa Dedza boma kapena pa malo ena a malonda apafupi, mulipire pa thabwa lililonse, ndalamayo muiphatikize pa mtengo wa oda. Gwirani chonchi materemu awiri. Ndalama ya ntchito yanu pa oda iliyonse muigawe pawiri, gawo lina kwa mayi, lina lisungidwe padera, ngakhale ku banki mkhonde komweko ngati masheya. Ikakwana, yambani ndi dirilo ya batire, kenaka makina osalazira, pakuti ziwirizi ndi zimene zimapulumutsa maola ambiri pa zinthu zing'onozing'ono. Maoda akafika poti mukufuna shedi pamsewu ndi mnyamata wokuthandizani, mudzapite kukhonsolo mukafunse za laisensi, ndipo mnyamatayo mudzamfunefune pakati pa amene anaphunzira ukalipentala m'sukulu za TEVETA.