Kusiyana kwa imfa za mliri m'maiko

Achimwene, pa funso loti n'chifukwa chiyani imfa za mliri wa COVID-19 zinasiyana m'maiko, chachikulu ndi zaka za anthu komanso kawerengedwe ka omwalira, sikuti kachilomboka kamasankha dziko. COVID-19 inkapha kwambiri okalamba, ndiye Italy, komwe agogo ndi ambiri, singafanane ndi Niger, komwe pafupifupi theka la anthu ndi ana osakwana zaka 15.

Manambala a omwalirawo musamangowameza. Peru itawerenganso mu 2021, imfa zinalumpha kuchoka pa 69,000 kupitirira 180,000. Ineyo ndinaonapo munthu akumwalira pakhomo osayezedwa, ndipo maliro otere salowa m'kaundula wa mliri. Kusowa kwa oksijeni m'zipatala ndi kuchedwa kwa katemera zinaonjezeranso imfa m'maiko ena.

Ngati mukufunsa chifukwa muli ndi shuga kapena BP, kaonaneni ndi dokotala akuuzeni za chiopsezo chanu komanso katemera.