Hatchi imodzi, okwera atatu: tigule mtundu uti?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu ku Malawi amene akukhala ndi banja lake pa kafamu kufupi ndi Pietermaritzburg, ku South Africa. Mwana wawo wamkazi wa zaka 12 wakhala akuphunzira kukwera hatchi kwa zaka ziwiri, ndipo tsopano mtima wake uli pa mpikisano wodumpha zotchinga. Bambo a m'nyumba amafuna kumayenda maulendo ataliatali m'thengo Loweruka, pomwe mayiwo akungofuna hatchi yofatsa yoti azizungulira nayo pafamu dzuwa likapendeka. Ndalama zilipo za hatchi imodzi basi. Funso lawo ndi lakuti, "Tigule mtundu uti woti utikwanire tonse atatu?"

Amayi, zikomo pondilembera musanatulutse ndalama. Ndisazungulire: funafunani hatchi ya mtundu wa Boerperd, yamphongo yofula, ya zaka za pakati pa 8 ndi 12.

Funso lanuli si lachilendo m'dziko limene mukukhalalo. Mahatchi oyamba anafika ku Cape mu 1653 kuchokera ku Java, ndipo m'kupita kwa zaka anasakanikirana ndi mitundu ina monga Arab ndi Thoroughbred. Mlimi wa nthawi imeneyo analibe hatchi ya ntchito iyi ndi ina ya ntchito iyo. Imodzimodziyo inkakusa ng'ombe m'mawa, kukoka ngolo masana, Lamulungu n'kunyamula mwini wake kupita kutchalitchi mtunda wautali. Yaukali kapena yofooka miyendo sankaisunga kuti ibereke. Dzina lakuti Boerperd m'Chiafrikaans limangotanthauza hatchi ya mlimi, ndipo khalidwe lija lidakali m'magazi mwake: mtima wodekha, ziboda zolimba, thupi losachedwa kukhuta ndi udzu wamba.

Msinkhu wakenso ukukuyenerani. Eni mahatchi amayeza kutalika ndi muyeso wotchedwa hand, womwe ndi masentimita 10 ndi pang'ono, kuchokera pansi kufika pa linunda. Boerperd zambiri zimakhala pakati pa ma hand 14.2 ndi 16. Ya 15 kapena kuposerapo pang'ono mwana saiona ngati phiri, komanso bambo miyendo yawo sikhala ikulendewera pansi pa mimba yake. Apa muwerengere bwino: odziwa amalangiza kuti wokwera pamodzi ndi chishalo asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa hatchiyo. Ya makilogalamu 450 inyamule 90, osaposa. Ngati bambo ndi ojintcha, musankhe ya chifuwa chachikulu ndi msana waufupi.

Mukamafunsa mudzamva mayina awiri, SA Boerperd ndi Cape Boerperd. Yachiwiriyi ili ndi magazi ambiri a American Saddlebred ndipo imakonda kuyenda monyamula miyendo m'mwamba, zokongola pa chionetsero. Pa zosowa zanu ine ndingayambire pa yoyambayo.

Ndisakubiseni malire ake. Zotchinga za masentimita 80 mpaka mita imodzi, Boerperd yophunzitsidwa bwino imadumpha popanda vuto, ndipo mwana wanu ali ndi zaka zingapo zoti akhale pa msinkhu umenewo. Akadzafuna za mita ndi masentimita 30 kupita m'mwamba, kumeneko ndi kwa ma Warmblood, mahatchi ochokera ku Ulaya amene amawetedwera mipikisano yotere, ndipo mtengo wake ndi wina. Zimenezo mudzaziona zikadzafika.

Msuweni wake wa Boerperd ndi Nooitgedachter, mtundu umene boma linayamba kuweta mu 1952 pa famu yofufuzira ya Nooitgedacht kufupi ndi Ermelo, pofuna kupulumutsa magazi a timahatchi ta ku Lesotho tija timakwera mapiri ngati mbuzi. Ndi yofatsa zedi ndipo imakonda anthu. Vuto ndi lakuti ndi yosowa, ndipo zina zimachepa msinkhu kwa munthu wamkulu. Mukaipeza yamsinkhu wabwino, musaidutse.

Bambo akayamba kucheza ndi anthu a maulendo ataliatali adzauzidwa kuti agule Arab, ndipo owauzawo sadzakhala akunama. Pa mpikisano wa ku Fauresmith ku Free State, wa makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu, ma Arab ndiwo amadzaza bwalo. Koma Arab ndi yatcheru kwambiri. Imamva chilichonse, ngakhale mantha a amene wakhala pamsana pake, ndipo imayankha msanga. Kwa inu amayi, amene mukufuna kupuma mutatopa ndi ntchito za tsiku, ikhoza kukhala yolemetsa. Yobadwa kwa Arab ndi Boerperd nthawi zambiri imatenga mpweya wautali wa kholo lina ndi kudekha kwa linalo, ndiye imeneyo muiganizire.

Pamene ndikufuna muchenjere kwenikweni ndi pa Thoroughbred yopuma ku mpikisano wothamanga. Zimenezi n'zambiri kumeneko ndipo zimagulitsidwa motchipa, zina amangopereka ulere. Ndi mahatchi aluso, ndipo ambiri amasanduka akatswiri odumpha kapena a polocrosse, masewera a mpira oseweredwa pa mahatchi amene Zambia inafika nawo mu fainolo ya chikho cha dziko lonse mu 2015 ku Shongweni, pafupi ndi kwanuko. Koma amafuna munthu wodziwa kuwaphunzitsanso kuyambira pachiyambi. Ndinaona ndi maso anga pa khola lina: mtsikana atakwera Thoroughbred yatsopano, ikuyenda bwinobwino, mahatchi ena awiri anangodutsa chothamanga kuseri kwa mpanda. Makutu anaima njo, khosi linauma gwa, ndipo pamene mtsikanayo ankakoka zingwe m'pamene inkawonjezera liwiro, poti ku mpikisano inazolowera kuti kukoka kumeneko ndi chizindikiro chothamanga. Anagwera pa mchenga, mwamwayi osathyoka, koma panapita miyezi asanafunenso kukwera. Kuwonjezera apo, Thoroughbred zambiri zimadya chakudya chogula chochuluka kuti zisaonde, ndipo zimafuna nsapato zachitsulo. Kutchipa kwa tsiku logula kumabwezedwa mwezi ndi mwezi.

Quarter Horse ya ku America ndi yofatsanso ndipo imadziwa ng'ombe, koma yabwino imadula kumeneko, ndipo sindikuona chimene ingakupatseni choposa Boerperd.

Tsopano dzina la mtundu likulozereni khomo chabe, chifukwa m'mtundu uliwonse muli zofatsa ndi zovuta. Mukapita kukaiona, fikani msanga muione akuigwira kubusa, osati mutaipeza atamangirira kale chishalo. Mwini wake ayambe kukwera inu mukuonerera. Kenako mukwere nonse atatu, mwana adumphe kachotchinga kakang'ono, bambo atuluke nayo kunja kwa mpanda yokha popanda inzake, chifukwa hatchi zambiri zimasintha zikasiyana ndi gulu. Muinyamule mwendo uliwonse, muone ngati ikulola. Mubwerenso tsiku lina. Ikakusangalatsani, itanani dokotala wa ziweto amene mwasankha nokha, osati wa wogulitsa, aipime miyendo, mtima, maso ndi mano.

Pomaliza pemphani pasipoti ya hatchiyo, kabuku kolembamo mbiri yake ndi katemera, muone katemera wa matenda a mahatchi otchedwa African horse sickness. Matendawa amafala ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi m'bandakucha makamaka nyengo ya mvula ikamapita kumapeto, ndipo amapha mahatchi ambiri osatemera. Musamvere wonena kuti Boerperd siidwala chifukwa ndi ya konko, imadwala. Katemera wake ndi wa mabotolo awiri otalikirana masabata atatu, ndipo ku South Africa amabaya pakati pa 1 June ndi 31 October chaka chilichonse. Ngati masiku amenewo mulibe m'pasipotimo, funsani chifukwa chake musanakambe za mtengo.