Chiliza Kapena Chikho: Yankho kwa Mayi Amene Anataya Bambo Awo

Mayi wina wandilembera kalata kuchokera ku Johannesburg. Bambo ake anamwalira chaka chatha kwawo ku Mulanje, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankayendetsa timu ya mpira wamiyendo ya m'mudzi mwawo. Abale akufuna kuti ndalama zimene wasunga zimangire chiliza chapamwamba, pomwe iye akulingalira zoyambitsa chikho m'dzina la malemuwo, ndipo akufunsa kuti choyenera n'chiti. Mayi, pepani ndi zovutazi. Kalata yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa ngakhale sindinakumanepo ndi bambo anu, mtundu wa munthu amene mwafotokozayo ndikuudziwa bwino: kwathu munthu wotero anali malume anga.

Malume ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, ndipo luso lomata machubu ndi limene linasunga timu yathu kwa zaka zonse zija. Mpira wachikopa unalipo umodzi wokha. Ukaphulika, iwo ankamasula ulusi, n'kutulutsa chubu, n'kuchiviika m'beseni la madzi kuti aone pamene pakutuluka thovu, kenako n'kumata ndi chigamba cha njinga n'kusokanso chikopacho ndi singano yaikulu ya matumba. Pa nthawi imeneyo makasitomala ankadikira, ndipo ena ankachoka atakwiya, koma malume sankadzutsa mutu mpaka mpirawo utapopedwa. Ife ana aang'ono tinkasewera chikulunga cha mapepala a pulasitiki kumbali, tikudikira tsiku limene adzatiloze ndi chala kuti tilowe m'bwalo la akuluakulu. Loweruka m'mawa ankazungulira m'makomo kupempha phulusa lolembera mizere, ndipo chiswe chikadya mitengo ya magolo, ankapita okha kwa amfumu kukapempha bulugama wina.

Anali munthu wa Bullets ndi mtima wonse, koma bwenzi lawo la pamtima linali bambo wina wa tsidya la mtsinje, wochemerera Wanderers, amenenso ankaphunzitsa timu yomwe tinkalimbana nayo kwambiri. Masana ankakalipirana m'mphepete mwa bwalo mpaka mawu kusasa, madzulo n'kukhala pakhonde akusewera bawo ndi kumwa thobwa m'chikho chimodzi. Maule ndi Manoma akamakumana pa Kamuzu Stadium, awiriwa ankasonkherana ndalama za mabatire kuti amvere limodzi wailesi ya MBC. Nkhani imene sankatopa nayo inali ya 1978, pamene Flames inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa konkuno itagonjetsa Zambia, n'kukachitetezanso ku Kenya mu 1979. Dzina la Kinnah Phiri ankalitchula mwaulemu waukulu, ndipo ndimathokoza kuti anakhala ndi moyo mpaka 2010, n'kumva Kinnah yemweyo, ali mphunzitsi, akutsogolera Flames kugonjetsa Algeria 3-0 ku Angola. Tsiku limenelo bwenzi lawo lija linaoloka mtsinje wodzaza, nyengo ya dzinja, kuti adzasangalalire pamodzi.

Atamwalira malume, anyamata a matimu onse awiri anagona pasiwa, ndipo m'mawa anathandiza adzukulu kumanda. Amuna ena amene anabwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe sitinkawadziwa n'komwe, koma aliyense anali ndi nkhani yake: wina anagulidwa nsapato, wina analipiriridwa mayeso a Sitandade 8, wina anachotsedwa pamowa ndi mawu akuti woledzera savala jezi. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti patangotha nyengo zochepa timuyo inatha. Siinathe chifukwa chosowa osewera, pakuti anyamata analipo ambiri. Inatha chifukwa panalibenso munthu womata mpira, wopempha phulusa, woyenda khomo ndi khomo kuchonderera makolo kuti alole ana awo. Udzu unamera, kenako wina anayamba kulima m'mphepete mwa bwalo, chaka chotsatira mizere ya chimanga inafika pakati penipeni, ndipo palibe amene anali ndi mphamvu yokadandaula kwa amfumu.

N'chifukwa chake, mayi, mawu akuti chikho ndimawamva ndi mtima wosakhazikika. Tonsefe taziona zikho zimene zimabwera chisankho chikayandikira: ofuna uphungu amafika ndi galimoto, zokuzira mawu ndi mphotho ya ndalama zambiri, matimu amene kunalibe amabadwa usiku umodzi, osewera amabwerekedwa kutauni, ndipo masewero omaliza nthawi zambiri amathera m'ndewu, woyimbira akuthawa miyala. Chisankho chikadutsa, zonse zimazimirira. Ine ndikunena mosabisa kuti chikho cha mtundu umenewo chimaononga mpira wa m'mudzi, chifukwa chimaphunzitsa anyamata kuti posakhala envulopu palibe chifukwa chotulukira thukuta, ndipo chimasandutsa midzi yoyandikana kukhala adani. Bambo anu, monga mwawafotokozera, ankachita zosiyana kotheratu ndi zimenezi. Chimene ankapereka chinali nthawi yawo, sabata ndi sabata, popanda wowaombera m'manja. Kuwakumbukira ndi phokoso la tsiku limodzi pachaka kungakhale kuika dzina lawo pa chinthu chimene iwo sakanachivomereza.

Ndiyeneranso kunena za atsikana, chifukwa anthu ngati amenewa kawirikawiri ankaona patali kuposa anzawo. Malume anakhomera limu yakale ya njinga pamtengo kuti alongo athu azisewera ntchemberembaye, ndipo mtsikana akafuna kumenya mpira wamiyendo pamodzi ndi anyamata sankamuthamangitsa, ngakhale amayi ena ankanena kuti akuononga ana. Lero tikunyadira Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene anakulira ku Rumphi akusewera ndi anyamata. Tikunyadira kuti Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, inatenga chikho cha COSAFA, cha mayiko a kum'mwera kwa Africa, mu 2023, ndiponso kuti Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku United States mu 2024. Koma ana otere amayambira pa bwalo la fumbi, ndipo bwalolo limakhalapo chifukwa pali wamkulu wina amene amaliteteza. Tili ndi Bingu National Stadium ku Lilongwe kuyambira 2017, ndipo ndi yokongola ndithu, koma mwana wa ku Mulanje sadzafikako ngati bwalo la kwawo lalimidwa chimanga.

Tsono muchite chiyani?

Chiliza mumange, ndipo musakangane ndi abale pa nkhani imeneyi, chifukwa manda ndi a banja lonse, ndipo amayi anu ndi azakhali anu ali ndi ufulu woona kuti malemuwo agona pamalo olemekezeka. Chikhale chapakatikati, kuti ndalama zina zitsale. Musanalengeze chilichonse chokhudza mpira, pitani kwanu mukakhale pansi ndi anzawo a bambo anu, makamaka aja a timu imene ankapikisana nayo, muwafunse kuti ndani mwa anyamata amene anawaphunzitsa ali ndi mtima wopitiriza. Munthu ameneyo akapezeka, muzimutumizira mipira, pampu, wenzulo ndi majezi, komanso ndalama zochepa za ulendo mwezi ndi mwezi, zodutsa m'manja mwa komiti ya anthu atatu kapena anayi, momwe mukhalenso mayi mmodzi. Mukapemphe amfumu kuti malire a bwalo alembedwe pamaso pa anthu. Pa tsiku lovundukula chiliza, matimu awiriwo asewere masewero a chibale, atsikana ayambe ndiwo, popanda mphotho ya ndalama, kenako onse adye nsima pamodzi pakhomo panu. Ngati timuyo idzakhale ikusewerabe pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, pamenepo mudzagule chikho chenichenicho n'kulembapo dzina la bambo anu, ndipo mudzapemphe mnzawo wamkulu koposa kuti ndiye azichipereka kwa opambana.