Asilikali a ku Mozambique Anapita Kuti Nkhondo Itatha?

Funso: Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo itatha mu 1992, kodi boma linatani nawo asilikali onse aja?

Yankho: Pangano la mtendere lomwe mbali ziwirizi zinasainirana ku Rome linati pakhale gulu limodzi la asilikali 30,000, theka ochokera mbali iliyonse. Koma anthu anali atatopa nayo nkhondo, moti odzipereka anangokwana pafupifupi 12,000. Ena pafupifupi 90,000 anatula mfuti pansi moyang'aniridwa ndi United Nations. Anapatsidwa makasu, mbewu, zovala ndi thiransipoti yobwerera kwawo, kenaka malipiro a miyezi 24. Gawo lalikulu la ndalamazo ankakatapa kubanki ya m'dera lakwawo miyezi iwiri iliyonse, dala kuti asaunjikane malo amodzi. Chinavuta n'kuchedwa: ena atatopa kudikira m'misasa anayamba kutseka misewu. Mfuti zambirinso zinatsala zobisidwa kutchire.