Mafunso Anu: Mtundu ndi Chipembedzo ku Usilikali wa ku Mozambique

Mwana wanga akwanitsa zaka 18 chaka chamawa. Anabadwira ku Dedza, bambo ake ndi a ku Malawi, ine ndine wa konkuno. Anthu akuti ku tropa (ku usilikali) salandira ana otere, ndiponso akuti maudindo ndi a anthu a kumwera okha. Kodi n'zoona? — Mayi wa ku Ulónguè

Mayi, apa pali nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya unzika, ndipo ndi imene imagwetsa ana ambiri a m'malire. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu, mtundu, kumene anabadwira kapena chipembedzo. Koma gawo 30 limati amene unzika wake anachita kupempha sangagwire usilikali ngati ntchito ya moyo wake. Mwana wanu sali m'gulu limenelo: gawo 23 limati mwana wa mayi kapena bambo wa ku Mozambique, ngakhale wobadwira kunja, ndi nzika yobadwa nayo akangonena kuti akufuna kutero. Pitani naye ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa kubadwa kwa anthu, asanakwanitse zaka 18, mukamunenere ndinu, atuluke ndi BI, chiphaso cha unzika.

Kalembera wa usilikali amachitika mu Januwale ndi Febuluwale, anyamata ndi atsikana omwe. Atenge BI kapena cédula (kabuku ka kubadwa), satifiketi ya kusukulu ndi kalata ya kumene akukhala. Yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina: pepala lina likati Chikondi Phiri, lina Chicondi Piri, mlembi aona anthu awiri ndipo mwana abwerera. Kulembetsa si kulowa usilikali ayi. Pamatsatira kuyezedwa m'thupi, ndipo oitanidwa amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi olembetsa.

Za maudindo, dandaulolo ndi lakale ndipo sitingalitaye kutchire. Koma palibe lamulo logawa malo potengera mtundu. Kugawa kumene kunalembedwa ndi kwa pangano la ku Roma lothetsa nkhondo yapachiweniweni, la pa 4 Okutobala 1992: asilikali 30,000, theka a boma, theka a Renamo, ngakhale kuti gulu lankhondo latsopanolo, FADM, litayamba mu 1994 anabwera osafika ndi theka lomwe. Lero njira ya udindo imadzera kusukulu ya masajeni ku Boane kapena ku Academia Militar ku Nampula, kumene amafuna womaliza kalasi 12. Mayeso ndi malamulo onse ndi m'Chipwitikizi. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Macanga amagwera pamenepo kawirikawiri kuposa pa Uchewa kapena Ungoni wake, choncho limbikirani chinenerocho.

Chikhulupiriro changa sichindilola kugwira mfuti. Ndingobisala osalembetsa? — Mnyamata wa ku Furancungo

Musatero, achimwene. Wosalembetsa waphwanya lamulo asanafotokoze n'komwe chifukwa chake, ndipo chiphaso cha kalemberacho adzakufunsani pofuna ntchito m'boma. Gawo 54 limateteza ufulu wa chikumbumtima, kuphatikizapo kukana chimene chikumbumtima chikana, motsatira malamulo. Palinso Serviço Cívico, ntchito yotumikira dziko imene malamulo aakulu amaiika m'malo mwa usilikali, koma amene amaiyendetsa ndi a unduna wa zachitetezo womwewo, ndiye mufunse bwino mmene maphunziro ake alili musanavomere. Lembetsani, lembani kalata yaifupi m'Chipwitikizi yonena chimene mukukana, onjezanipo ya akulu a mpingo, muperekere ku ofesi yolemba asilikali ku Tete. Ina musunge, yodindidwa. Mantha anu tikuwamvetsa: akuluakulu akukumbukira a Mboni za Yehova amene anatengeredwa ku misasa ya ku Carico, m'boma la Milange, kuyambira 1975. Mpingowo unavomerezedwa mu 1991.

Ndine Msilamu. Nanga swala, Ramadhani ndi chakudya ndidzatani? Ndipo ndi nkhondo ya ku Cabo Delgado, sadzandikayikira? — Mnyamata wa ku Moatize

Gawo 12 limati boma lilibe chipembedzo chake, choncho palibe angakukakamizeni kupemphera za ena, komanso ndandanda ya kukampu siyendera nthawi ya mpingo uliwonse, kaya Lachisanu la inu kaya Sabata la a Seventh Day. Miyezi ya maphunziro oyamba ndiyo yolimba: kumeta, yunifolomu imodzi, mphika umodzi. Nenani za nkhumba ndi za kusala tsiku loyamba kwa sajeni wa gulu lanu, osati pamzere wa chakudya. Ulonda mungasinthane ndi mnzanu, koma sajeni adziwe. Kusinthana mobisa kumawerengedwa ngati kuthawa pamalo. Kambiranani ndi shehe musananyamuke, poti wapaulendo ndi wodwala amaloledwa kubweza masiku a kusala pambuyo pake. Konzekani kwa nthawi yaitali: kuyambira lamulo la 2023 utumiki unachoka pa zaka 2 kufika pa 5.

Zakukayikirazo: kalembera wa anthu onse m'dziko wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi Msilamu, ndipo ambiri mwa amene avutika ndi zigawenga chiyambire ku Mocímboa da Praia mu 2017 ndi Asilamu omwe. Wina akakutchulani dzina la zigawenga, lembani tsiku, mawu ake ndi amene analipo, mukapereke kwa mkulu wotsatira pamwamba pake.